Nyumba 130 za ku Pholela

M'tsinde mwa mapiri a Drakensberg, m'chigawo chimene kale chinkatchedwa Natal m'dziko la South Africa, muli dera lotchedwa Pholela, pafupi ndi katauni ka Bulwer. Dzinali ndi la mtsinje umene umadutsa m'deralo. Ambiri mwa abale athu amene amapita ku Joni kapena ku Durban sanalimvepo n'komwe, ndipo sitingawadzudzule, pakuti kumeneko kulibe mgodi kapena fakitale yokoka munthu wofuna ganyu. Koma m'masukulu ophunzitsa madokotala osamalira mabanja, ku Africa kuno ngakhalenso kutsidya kwa nyanja zikuluzikulu, dzina la Pholela limatchulidwa mwaulemu. Kumeneko, kuyambira m'chaka cha 1940, anthu ochepa anasonyeza momwe chipatala chaching'ono cha kumudzi chingayendetsedwere mwadongosolo popanda makina odula. Zida zawo zikuluzikulu zinali mapu ojambula pamanja, kaundula wa makomo ndi fayilo imodzi pa banja lililonse.

Amene anatumidwa kukatsegula chipatalachi anali Dr Sidney Kark ndi mkazi wake Dr Emily Kark, onse ophunzira za udokotala pa yunivesite ya Witwatersrand ku Johannesburg. Sidney anabadwa m'chaka cha 1911, choncho anali asanakwanitse zaka 30. Asanapite ku Pholela anali atayendera masukulu m'madera osiyanasiyana a dzikolo, m'zaka za 1938 ndi 1939, kuyeza thanzi ndi kadyedwe ka ana a anthu akuda, ndipo zimene anaona zinamutsimikizira kuti matenda ambiri a anawo gwero lake linali pakhomo: mumphika, pachitsime ndi pamphasa yogonapo. Pamodzi ndi banja la Kark panapitanso banja lina limene mabuku ambiri amalidumpha mwachangu, Edward Jali, amene anaphunzira ntchito yothandiza madokotala ku Fort Hare, ndi mkazi wake Amelia Jali, namwino. Ife tikuona kuti popanda awiriwa, amene ankalankhula chinenero cha eni dera ndi kudziwa mwambo wolowera pakhomo pa munthu, nkhani yonseyi ikanathera pa khonde la chipatala.

Dera limene anapezali linali losauka mwa mtundu wakewake. Lamulo la malo la 1913 linapanikiza anthu akuda, amene anali ochuluka kwambiri m'dzikolo, pa kachigawo kosakwana gawo limodzi mwa magawo khumi a nthaka yonse. Minda inali ing'onoing'ono ndi yokokoloka. Amuna amphamvu zawo ankakhala miyezi yambiri ya chaka ku migodi ndi m'matauni, pakhomo n'kutsala amayi, ana ndi okalamba. Matenda ofala anali kunyentchera, kutsegula m'mimba, tayifodi, mphere, zilonda za pakhungu, chindoko ndi chifuwa chachikulu.

Chipatala chilichonse cha kumudzi chimakumana ndi vuto limodzi losasintha. Mwana wa mphere amapatsidwa mankhwala, amachira, amabwerera kukagona pa mphasa imodzi ndi abale ake atatu amene sanabwere kuchipatala, ndipo pakatha mwezi amabweranso akudzikanda. Dokotala amene amangodikira pa mpando wake amaona okhawo amene akwanitsa kuyenda ulendo. Wodwala kwambiri, wosauka kwambiri ndi wokhala kutali kwambiri samuona. Mwana amene wamwalira usiku n'kuikidwa m'mawa salowa m'buku lililonse. Dokotala wotereyu angagwire ntchito zaka makumi awiri mokhulupirika, koma mutamufunsa ngati anthu a m'dera lake akukhala ndi moyo wabwino kuposa kale, alibe poyankhira.

Yankho la a Kark linali lodzichepetsa kwambiri moti poyamba limaoneka ngati kuthawa ntchito. Khomo la chipatala linakhalabe lotsegukira aliyense wobwera ndi matenda, koma m'chaka cha 1942 anasankha kadera kamodzi kapafupi, ka nyumba 130 zokhala ndi anthu 887, nati awa tiwadziwe mmodzimmodzi. Anajambula mapu a kaderako. Nyumba iliyonse inapatsidwa nambala. Athandizi a zaumoyo, amuna ndi akazi amene anaphunzitsidwa pomwepo, anagawana makomowo, aliyense ndi ake oti aziwayendera kawirikawiri.

Kuwerenga anthu sikunali chinthu chopepuka m'dziko limene boma likabwera ndi pensulo ndi pepala, chotsatira chake chinkakhala msonkho kapena lamulo lochepetsa ng'ombe. Anthu anakayikira, ndipo anali ndi chifukwa chomveka chokayikirira. Mlendo wofunsa kuti pakhomo pano mulipo angati, mwamuna wanu ali kuti, mwana wanu anamwalira liti, ndani angamuyankhe mosaopa? Chikhulupiriro chinabwera pang'onopang'ono, makamaka pamene anthu anaona kuti wolembayo ndi yemweyo amene akubwera mwana akadwala, ndiponso pamene ana a m'dera momwemo anayamba kulembedwa ntchitoyi. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo ntchito ya chaka choyambacho inali ya kudekha basi.

Tiyeni tiime pang'ono pa fayilo ya banja, pakuti pamenepa ndi pamene pagona luso lonse. M'zipatala zambiri za nthawi imeneyo, ngakhalenso za lero, wodwala aliyense amakhala ndi khadi lakelake, ndipo khadilo limanena za tsiku limene anabwera, chimene chinkamupweteka ndi mankhwala amene analandira. Ku Pholela makadi a anthu onse a pakhomo limodzi ankasungidwa pamodzi, pansi pa nambala ya nyumba ija. M'fayilomo munkalembedwa amene abadwa, amene amwalira, amene apita ku ntchito ndi amene abwerako. Munkalembedwanso zimene mthandizi waona ndi maso ake atafika pakhomopo: nyumba ndi yotani, madzi amatunga kuti, chimbudzi chilipo kapena ayi, dimba likulimidwa kapena lagona, ziweto zilipo zingati. Mayi akabwera ndi mwana wotsegula m'mimba, dokotala potsegula fayilo ankaona nthawi yomweyo kuti mkulu wake wa mwanayo anabwera ndi vuto lomwelo mwezi wathawu, kuti banjalo limatunga madzi kumunsi kwa mtsinje, ndiponso kuti bambo sanatumize ndalama kuyambira nthawi yokolola. Mankhwala ankaperekedwa ndithu, koma uthenga unkapitanso kwa mthandizi wa khomo limenelo kuti akafikeko sabata yomweyo.

Ife kuno tili ndi kabuku ka kuchipatala kamene munthu aliyense amasunga yekha, ndi ka mwana ka kusikelo kamene amayi amakulunga m'pulasitiki kuti kasanyowe. Timabuku timeneti tili ndi ubwino wake waukulu, pakuti munthu wochoka ku Makanjira n'kukadwalira ku Salima amanyamula mbiri yake m'thumba. Koma kabuku kalikonse kamalankhula za munthu mmodzi. Dokotala amene akuona agogo akutsokomola sangadziwe kuti mdzukulu wogona nawo chipinda chimodzi watsika sikelo miyezi itatu yotsatizana, pokhapokha wina atamuuza. Fayilo ya ku Pholela inkanena zimenezi yokha, popanda wofunsa.

Pepala losawerengedwa lilibe phindu, ndipo zipatala zambiri zili ndi mashelefu odzaza ndi makaundula amene amangodyedwa ndi chiswe. A Kark anakhazikitsa chizolowezi choti gulu lonse, dokotala, anamwino, athandizi ndi alembi, lizikhala pansi nthawi ndi nthawi kuwerenga zimene zalembedwa. Kodi kwabadwa ana angati? Amwalira ndani, ndipo nyumba zawo zili pati pa mapu? Ngati odwala tayifodi atatu achokera m'makomo oyandikana, kasupe wawo ndi uti? Pakutha pa chaka ankaphatikiza zonse n'kusankha vuto limene alimbane nalo chaka chotsatira. Mchitidwe umenewu Kark anauyerekeza ndi kupima wodwala, kungoti wodwala wake anali mudzi wonse. Pa misonkhano yotere mthandizi wa maphunziro ochepa ankatha kudziwa zimene dokotala sakudziwa, chifukwa ndiye amene anakhala pa mkeka wa banjalo, ndipo m'dziko limene linkasanja anthu potengera khungu, kungomvetserana kotereku kunali kale chinthu chachilendo.

Chaka ndi chaka ankawonjezera makomo ena oyandikana ndi akalewo, kufikira pamene anthu olembedwa anapitirira 8,000 kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1950. Kukula pang'onopang'onoku kunabweretsa mphatso imene mwina sanaiyembekezere yonse. Makomo ongolowa kumene ankasonyeza momwe zinthu zinalili chithandizo chisanafike, ndipo powayerekeza ndi makomo akale, gululo linkatha kuona ngati ntchito yake ikusinthadi kanthu.

Malipoti awo akusonyeza kuti m'chaka cha 1942, mwa ana 1,000 alionse obadwa amoyo, 275 ankamwalira asanakwanitse chaka, ndipo pofika 1950 chiwerengerochi chinali chitatsikira pa 100 kapena pafupi pamenepo. Chiwerengero choyambacho tichigwire mosamala. Anthu 887 amabereka ana makumi ochepa okha pa chaka, choncho maliro awiri kapena atatu angakweze kapena kutsitsa nambalayo kwambiri. Koma kutsikako kunapitirira kwa zaka zambiri pamene anthu owerengedwa ankachulukirachulukira, ndipo mphere ndi zilonda za pakhungu mwa ana a sukulu zinachepa moonekeratu. Chimene chimatigwira mtima kwambiri n'chakuti manambalawa analipo n'komwe. M'madera ambiri a anthu akuda nthawi imeneyo palibe amene ankalemba kubadwa kapena kumwalira kwa mwana.

Pa nkhani ya chakudya ndi pamene dongosololi linaonetsa nzeru zake zenizeni. Anthu a ku Pholela ankadalira chimanga pafupifupi pa chakudya chilichonse, ndipo kunyentchera kunali ponseponse. Chipatala chinalima dimba lachitsanzo pabwalo pake, chinaphunzitsa kukumba maenje osandutsiramo zinyalala kukhala manyowa, ndipo chinathandiza anthu kupeza mbewu za ndiwo zamasamba. Ulaliki wa mavitamini sunkagwira mtima wa munthu. Chimene chinagwira ntchito chinali kufunsa okalamba zimene makolo awo ankadya malo asanalandidwe, ndipo iwo eni ankatchula mapira, mkaka ndi masamba a kutchire. Zitatero, kudya masamba kunaleka kuoneka ngati nzeru ya azungu, kunakhala kubwerera ku chakudya cha makolo.

Mkaka unali wovuta koposa. Dr John Cassel, amene anatsogolera chipatalachi a Kark atasamukira ku Durban, analemba za zimenezi m'chaka cha 1955. Pa mwambo wa anthu a kumeneko ng'ombe zinali zolumikizana ndi mizimu ya makolo a banja, ndipo mkaka wa ng'ombe za pakhomo unkamwedwa ndi a mtundu wa mwini khola okha. Mkazi wokwatiwa, pokhala wochokera ku mtundu wina, sankaloledwa kumwa mkaka wa ng'ombe za kwa mwamuna wake. Zotsatira zake zinali zakuti amayi oyembekezera ndi oyamwitsa, amene ankaufuna mkakawo kuposa wina aliyense, ndiwo ankaumanidwa. Dokotala wopupuluma akanadzudzula mwambowo pamsonkhano, anthu akanamuombera m'manja mwaulemu, ndipo palibe chikanasintha. Gulu la ku Pholela, chifukwa chodziwa mwambowo mpaka ku mizu yake, linaona khomo limene unasiya lotsegula. Mkaka wa ufa sunachokere m'khola la banja lililonse lodziwika, choncho lamulo la makolo silinkaukhudza. Anayamba kuupereka, amayi anaulandira, ndipo apongozi sanaone cholakwa. Palibe amene ananyozedwa, ndipo mkaka unalowa m'thupi mwa amene ankaufuna. Nzeru yotere munthu saipeza m'buku la mankhwala. Imachokera pa kuyendera khomo limodzi kakhumi mpaka eni ake atayamba kukuuza zifukwa za zimene amachita.

Komabe fayilo yomweyo inaonetsanso malire a ntchito yawo. M'chaka cha 1949 Kark anasindikiza nkhani yonena za chindoko pakati pa anthu akuda, ndipo mfundo yake inali yakuti gwero la kufala kwa nthendayi linali dongosolo la ntchito limene linkachotsa amuna m'mabanja awo kwa miyezi yambiri n'kuwaunjika m'makomponi. Chipatala chinkatha kuchiza mayi lero, koma mwamuna pobwera kutchuthi nthenda inkalowanso m'nyumba. Chifuwa chachikulu nachonso chinkatsika ndi anthu ochokera ku migodi ndi m'matauni. Dimba la masamba silikanakulitsa munda umene lamulo linauchepetsa. Apa nkhani ya Pholela ikukhudza ife mwachindunji, pakuti migodi yomweyo ndi imene inkameza agogo athu m'masiku a Wenela, ndipo mpaka lero m'midzi yambiri ya m'mbali mwa nyanja muli makomo amene bambo amadziwika ndi mawu a pa foni ndi katundu wobwera pa basi. Kark sanapeze mankhwala a vuto limeneli. Chimene anachita ndi kulemba poyera, ndi umboni wa makomo owerengedwa, kuti nthendayi inkadyetsedwa ndi malamulo a dziko, m'nthawi imene ambiri ankakonda kunena kuti ndi khalidwe la anthu akuda.

Kwa kanthawi kochepa zinaoneka ngati dziko lonse litsatira njira ya Pholela. Bungwe lofufuza za umoyo limene linatsogoleredwa ndi Dr Henry Gluckman kuyambira 1942 mpaka 1944 linalimbikitsa kuti pamangidwe zipatala zotere pafupifupi 400 m'dziko lonse, zothandiza anthu a mitundu yonse. Gluckman anakhala nduna ya zaumoyo m'chaka cha 1945, ndipo a Kark anapita ku Durban kukatsogolera sukulu yophunzitsa antchito a zipatalazi, yotchedwa Institute of Family and Community Health. Zipatala zimene zinatsegulidwa zinangopitirira pang'ono 40. Madokotala ena a zipatala zolipiritsa sanakondwere nazo, maboma a zigawo ankakokera ndalama ku zipatala zikuluzikulu za m'mizinda, ndipo m'chaka cha 1948 chipani cha National Party chinalowa m'boma ndi ndondomeko yake ya tsankho. Boma lotere silikanakonda chipatala chimene chinkasunga umboni wolembedwa wa zimene umphawi ndi migodi zinkachita pa mabanja a anthu akuda. Ndalama zinayamba kuuma, antchito anabalalika, ndipo pofika cha m'ma 1960 zipatala zambiri zija zinali zitatsekedwa kapena kusandutsidwa malo wamba ongolandirirapo mankhwala. A Kark anachoka m'dzikolo chakumapeto kwa zaka za m'ma 1950, napita ku America kwa kanthawi, kenako ku Jerusalem kumene anapitiriza kuphunzitsa njira yomweyi. Cassel anakhala mphunzitsi wotchuka pa yunivesite ya North Carolina. Buku lofotokoza ntchito yonseyi, A Practice of Social Medicine, linatuluka m'chaka cha 1962, ntchitoyo itafa kale kwawo.

Mbewu inakamera kutali. Jack Geiger, wophunzira za udokotala wochokera ku America, anakhala miyezi ingapo ku Pholela chakumapeto kwa zaka za m'ma 1950. Atabwerera kwawo anathandiza kutsegula chipatala cha mtundu womwewo ku Columbia Point mumzinda wa Boston m'chaka cha 1965, ndi china ku Mound Bayou m'chigawo cha Mississippi, pakati pa anthu akuda osauka a m'minda ya thonje. Kumeneko anapeza ana onyentchera ngati a ku Natal, ndipo ankalemba chakudya pa pepala la mankhwala kuti mabanja akatenge kusitolo, chipatala n'kulipira. Zipatala za m'madera zimene zinaphuka kuchokera pa ziwirizi lero zimathandiza anthu oposa 25 miliyoni pa chaka m'dziko la America. N'zodabwitsa ndithu kuti dziko lolemera chotero linakaphunzira kusamalira osauka ake ku mudzi wa ku Africa umene boma lake lenileni linali kuufulatira. Pamene maiko anakumana ku Alma-Ata m'chaka cha 1978 n'kugwirizana kuti chithandizo choyambirira cha pafupi ndi anthu ndicho maziko a umoyo, zambiri zimene anagwirizanazo zinali zitayesedwa kale ku Pholela zaka zoposa 30 m'mbuyomo.

Kwathu kuno zidutswa za dongosolo lotere tili nazo, ngakhale zinabwera ndi mbiri yakeyake. Alangizi a zaumoyo amene amayenda pa njinga m'midzi yathu anayamba ngati obaya katemera wa nthomba, kenako othandiza pa mliri wa kolera wa m'ma 1970, ndipo cholinga cha boma n'chakuti mlangizi mmodzi aziyang'anira anthu 1,000, chiwerengero chosatalikirana ndi anthu 887 a kadera koyamba ka a Kark. Amasunga kaundula wa mudzi ndipo amayeza ana kusikelo. Kuyambira m'chaka cha 2015 chipatala cha boma cha Mangochi chakhala malo ophunzitsirapo madokotala a ukatswiri wosamalira mabanja, pansi pa sukulu ya udokotala imene tsopano ili mbali ya Kamuzu University of Health Sciences. Chimene chimatsala kuti zidutswazi zikhale chinthu chimodzi ndi chija a Kark anachiika pakati pa ntchito yawo, choti kaundula wa mlangizi ndi tebulo la dokotala zizikumana kawirikawiri, ndipo wina aziwerenga mokweza zimene zalembedwamo. Mlangizi akabwera pakhomo n'kufunsa za chimbudzi, za amene akutsokomola ndi za mwana amene anapita padera, mafunso ake ndi omwe aja amene anthu a ku Pholela anayamba awakayikira.

Ku South Africa komweko zinatenga zaka zoposa 50 kuti boma libwererenso ku ganizo limeneli. M'chaka cha 2010 nduna ya zaumoyo, Dr Aaron Motsoaledi, inapita ku Brazil kukaona momwe dzikolo limasamalirira mabanja. Kumeneko, kuyambira 1994, gulu la dokotala, namwino ndi athandizi ochokera m'dera lomwelo limapatsidwa makomo akeake oti liwalembe ndi kuwayendera mwezi ndi mwezi. Chaka chotsatira South Africa inayamba kukhazikitsa magulu a anamwino ndi athandizi oyendera makomo m'wodi iliyonse, ndipo ntchito yoyamba imene anapatsidwa inali kulowa nyumba ndi nyumba ndi fomu m'manja, kulemba amene akukhalamo.